Likulu likasamuka, mzinda wotsala udya chiyani?

Chigawo cha Indiana ku America chinasamutsapo likulu lake kawiri. Linayambira ku Vincennes, mu 1813 linapita ku Corydon, kenaka kumapeto kwa 1824 katundu wa boma ananyamulidwa pangolo kupita ku Indianapolis, mzinda umene anaujambula dala pakatikati pa chigawocho. Maganizo ake ndi omwe aja amene anachotsa likulu la Malawi ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, akuti boma likhale pakati kuti likhale pafupi ndi onse. Koma pa nkhani zoterezi maso amathamangira mzinda watsopano, wotsalawo n'kuiwalika.

Lero Corydon ndi tauni ya anthu pafupifupi 3,000, ndipo alendo amapitako kukaona nyumba yamiyala imene munkakumana aphungu. Indianapolis ili ndi anthu oposa 880,000. Wina anganene kuti boma ndilo limalemeretsa mzinda, koma mbiri ikukana. Omanga Indianapolis ankadalira kuti zombo zamalonda zizidzayenda mumtsinje wa White, koma mtsinjewo unali wosaya. Mzindawo unakhala wa matope ndi malungo kwa zaka zambiri, maofesi ali momwemo, mpaka njanji itafika mu 1847.

South Bend, kumpoto kwa chigawocho, sinakhalepo likulu, komabe inakula chifukwa cha mafakitale, makamaka ya Studebaker imene inkapanga ngolo kenaka magalimoto. Mu 1960 inali ndi anthu oposa 130,000. Fakitaleyo itatsekedwa mu December 1963, anthu masauzande anachotsedwa ntchito ndipo ambiri anasamuka. Chimodzi mwa zimene zinauchirikiza mzindawo ndi yunivesite ya Notre Dame, imene yakhala pafupi pomwepo kuyambira mu 1842. Mphika sukhala pa fuwa limodzi.

Mafumu a ku China anakumana nalo kalekale vuto la mzinda wotsala likulu likasamuka. Mfumu Yongle ya ufumu wa Ming itasamutsira likulu ku Beijing mu 1421, inasiya Nanjing ngati likulu lachiwiri, ndi maunduna ake asanu ndi umodzi. Koma mphamvu zinali ku Beijing, ndipo kawirikawiri ku Nanjing kunkatumizidwa akuluakulu okalamba kapena amene ayambana ndi a kunyumba ya mfumu. Chimene chinausunga mzindawo ndi nsalu za silika, kusindikiza mabuku, ndiponso mayeso olowera ntchito za boma amene ankakoka ophunzira ambirimbiri.

Apa ndi pamene Amalawi tiyenera kusinkhasinkha. Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba kwa zaka pafupifupi 20 likulu litachoka, koma nayonso inatsatira ku Lilongwe. Zimene zikuisunga Zomba lero ndi Yunivesite ya Malawi, bungwe la mayeso la MANEB, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi alendo okwera phiri. Blantyre nayo siimira pa nyumba ya Sanjika ayi, imaimira pa malonda ndi mafakitale ake.

Sindikunena kuti maofesi a boma alibe phindu, pakuti malipiro a ogwira ntchito amathera pamsika wa mzinda womwewo. Koma ofesi imene yabwera ndi siginecha ya nduna ingachokenso ndi siginecha ina. Choncho aphungu ndi makhansala a ku Zomba, Mzuzu ndi Blantyre asamathere mphamvu kupempha kuti unduna wakutiwakuti ubwere kwawo. Amenyere misewu yabwino, njanji, magetsi osazimazima ndi sukulu zaukachenjede, chifukwa zimenezi boma likasintha sizinyamulidwa pagalimoto.