Dzanja pa Baibulo

Mtsogoleri wa dziko akamalumbira timaonetsetsa zambiri: asilikali akuguba, magule, nsalu za chipani, alendo ochokera kunja. Koma lumbiro lenilenilo silitha ndi mphindi ziwiri zomwe, ndipo ambirife silitilowa m'khutu chifukwa cha nthungululu.

Gawo 81 la malamulo aakulu a dziko lino limati wosankhidwayo asayambe ntchito asanalumbire poyera pamaso pa mkulu wa oweruza milandu. Amalonjeza kugwira bwino ntchito yake, kusunga ndi kuteteza malamulowo, ndi kuchitira chilungamo anthu a mtundu uliwonse mopanda mantha, kukondera kapena chidani. M'menemo mulibe za mtengo wa feteleza kapena wa fodya ku Chinkhoma. Zimenezo ndi za pa kampeni. Lumbiro ndi lolemera kuposa pamenepo, pakuti munthu akagwira Baibulo waitana Mulungu kuti akhale mboni. Katekisimu amaphunzitsa kuti kulumbira monama ndi kuchimwira lamulo lachiwiri, kutchula pachabe dzina la Ambuye.

Kodi mawu ochepa otere angagwire dziko? Kumbukirani chaka cha 2012. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April, nduna zina zinafuna kutsekereza wachiwiri wake, mayi Joyce Banda. Masiku awiri dziko linali njenjenje. Koma panapezeka ena, kuphatikizapo akuluakulu a asilikali, amene anakumbukira kuti analumbira kuteteza malamulo osati munthu, ndipo pa 7 April mayiwo analumbira ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe popanda mfuti kulira. Lumbiro limene linatisunga sabata imeneyo silinali la pulezidenti yekha.

Komatu si lumbiro lililonse loyenera kusungidwa. Werengani Marko 6. Herode, atasangalala ndi gule, analumbira pamaso pa alendo kuti apatsa mtsikana chilichonse. Mtsikanayo atapempha mutu wa Yohane Mbatizi, mfumu inamva chisoni, koma inaopa manyazi kuposa Mulungu. Atsogoleri ambiri amafika pa mpando atalumbira kale mobisa kwa amene anawathandiza ndalama. Malumbiro awiriwa akakumana, kawirikawiri wodulidwa mutu amakhala wosauka. N'chifukwa chake Aepiskopi athu sanakhale chete pa 8 March 1992, pamene kalata yawo inawerengedwa m'matchalitchi onse, ngakhale wolamulira nthawiyo anali mwana wa konkuno ku Kasungu.

Pa Mateyo 5:33-37 Yesu akufuna kuti mawu athu akhale oona kotero kuti kulumbira kusafunikenso. Apa nkhani yachoka ku Kamuzu Stadium, yafika pa Nkhamenya. Alipo pakati pathu amene anatenga matenanti mvula isanagwe, nagwirizana nawo za malipiro pakamwa pokha. Fodya wagulitsidwa, ndalama zalowa, koma tenanti akuuzidwa kuti chimanga ndi mchere zimene anadya zamaliza zonse. Munthuyo alibe pepala, alibe loya, ngakhale ya basi yobwerera kwawo alibe. Mboni yake ndi Yemweyo amene pulezidenti amamutchula.

M'miphakati sabata ino tiwerenge Yakobo 5:1-12. Amene muli ndi antchito osalipidwa, bwerani ndi kope lanu la ngongole, tidzawerengetsere limodzi.