Kodi Makina Angalere Mwana?

Dzuŵa likamaloŵa cha ku Mozambique, chisanu cha pa Mlangeni chitayamba kuluma, amai ogulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa mseu wa M1 amamanga katundu wao nabwerera kumudzi. Kale nthaŵi imeneyi inali nthaŵi ya moto. Ana ankakhala mozungulira mafuwa, agogo nkuyamba kuti, "Padangotelo," ana onse nkuvomera pamodzi kuti, "Tili tonse." Masiku ano m'makomo ambiri mwathu muli kuŵala kwina. Mitu inai kapena isanu yaŵeramira pa kagalasi ka foni, pamene agogo ali poteropo, akuwotha moto okha.

Sitikulemba izi kuti tilire maliro a zinthu zakale ai. Tikulemba chifukwa pali funso limene banja lililonse lachikhristu liyenera kuliyankha, lifune lisafune. Makina aloŵa m'nyumba ndi m'sukulu zathu, ndipo akuphunzitsa ana athu. Nanga makinawo angathenso kuŵalera?

Mlendo ameneyu sadafike dzulo

Nyumba youlutsa mau ya MBC idayamba mu 1964, chaka chimene dziko lathu lidalandira ufulu wodzilamulira, ndipo mu 1965 boma lidatsegula sukulu yophunzitsa anthu polemberana makalata, imene pambuyo pake idatchedwa Malawi College of Distance Education. Ambiri mwa ife amene tsitsi layamba kuyera tikukumbukira maphunziro a pa wailesi. Wailesi yakanema idachedwa kwambiri: Television Malawi idayamba mu 1999, chaka chomwecho chimene Radio Maria idayamba kumveka kuchokera ku Mangochi. Mu 2007 ansembe a chipani cha Montfort adatsegula Luntha TV ku Balaka. Kenaka kudabwera maphunziro a Tikwere, amene ankafika m'makalasi aang'ono kudzera pa wailesi, ndipo pamene sukulu zonse zidatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, wailesi ndi imene idatsala ngati mphunzitsi wa ana ambiri akumudzi.

Tsono kwafika katabuleti, kachipangizo kofanana ndi sileti yagalasi. Adayamba kukayesa mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, mothandizana ndi mabungwe a onebillion ndi VSO, ndipo akatswiri a pa yunivesite ya Nottingham adapeza kuti ana amene adakagwiritsa ntchito adapita patsogolo pa masamu kuposa anzao. Mu 2023 boma lidayamba ndondomeko yotchedwa BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chakuti matabuleti afike m'sukulu zonse zaboma za pulaimale, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Mwana amavala zomvera kukhutu, mau a m'makinamo namlankhula m'Chicheŵa, kumuwonetsa lemba kapena nambala. Iye amakhudza galasi ndi chala. Akalakwa, makina amabwereza. Akakhoza, amampatsa zotsatira. Moto wake amatchera ku dzuŵa, motero ngakhale sukulu yopanda magetsi ingathe kulandira. Kumene sanafike, afika.

Tiyambe ndi kuyamika

Mkhristu sayenera kuwopa chinthu chifukwa chakuti nchatsopano. Pamene ansembe oyamba a Montfort adafika ku Nzama m'boma lathu lino la Ntcheu mu 1901, sileti ndi buku zinali zachilendo kwa makolo athu monga m'mene tabuleti iliri kwa ife. Ngakhale Socrates, munthu wanzeru wa ku Greece wakale, ankadandaula kuti luso la kulemba lidzachititsa anthu ulesi wa kukumbukira. Koma ndani mwa ife angafune kuti mwana wake asadziŵe kulemba? Eklezia nayenso sadatseke chitseko. Mu 1958 Papa Pio XII adasankha Klara Woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya wailesi yakanema, ndipo pa 4 December 1963 Aepiskopi a dziko lonse, atasonkhana pa Msonkhano Wachiŵiri wa Vatikano, adavomereza chikalata cha Inter Mirifica, chimene chimaphunzitsa kuti zipangizo zofalitsira nkhani nzochokera ku nzeru zimene Mulungu adapatsa munthu, ndipo zingathandize kwambiri mtundu wa anthu zikagwiritsidwa ntchito bwino.

Tinenenso zoona za sukulu zathu. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere, ana adasefukira m'makalasi, ndipo si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana 100 mu Sitandade 1. Atati agaŵe phunziro la mphindi 30 mofanana pakati pa ana onsewo, aliyense angalandire masekondi 18 okha. Mwana wamanyazi wokhala kumbuyo angathe kutha chaka chonse osaitanidwa dzina. Kwa mwana wotere, makina amene amalankhula ndi iye yekha, osatopa, osakalipa, osamseka akachita chibwibwi, ndi mphatso yeniyeni. Amene angakanize mwana wa mmphaŵi thandizo limeneli, chifukwa chongokonda zakale, sakuchita chilungamo. Pajatu akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumo kakuthwa kamameta, kamatemanso. Zonse zili kwa amene wakagwira.

Kuphunzitsa ndi kulera

Chinenero chathu chili ndi mau aŵiri amene sitiyenera kuŵasokoneza. Timati uje ngwophunzira, timatinso uje adaleredwa bwino, ndipo tonse tikudziŵa kuti si chinthu chimodzi. Alipo anthu a madigiri amene pamudzi timaŵanena kuti, "Ameneyu si munthu." Aliponso amai amene sadapondeko pakhomo la sukulu, koma pakagwa maliro kapena mlandu, mudzi wonse umayang'ana kwa iwo. Kuphunzitsa nkupatsa mwana zinthu zoti adziŵe. Kulera nkumuumba kuti akhale munthu: wodziŵa kupereka moni, kugaŵana mbatata imodzi ndi mng'ono wake, kunena zoona ngakhale zimuŵaŵe, kupepesa, kugwada pamaso pa Mulungu.

Tanena kuti makina satopa ndipo sakwiya. Koma tiganize bwino. Kuleza mtima kwa makina sikuŵatayitsa kanthu. Alibe msana woŵaŵa, sadaŵeruke kudimba, sakudera nkhaŵa za mtengo wa feteleza. Mai amene wachokera kumunda ali wolefuka, mwana nkumutayira ufa pansi, iye nkumeza mkwiyo wake, nkumuthandiza kuwola, waphunzitsa mwanayo chinthu chimene makina sangathe, pakuti mwana waona ndi maso ake kuti chikondi chili ndi mtengo wake, ndipo wina waulipira chifukwa cha iye. Bambo amene wakalipira mwana molakwa, m'maŵa mwake nkumuitana nkunena kuti, "Mwananga, dzulo ndidalakwa ndine," wamuphunzitsa za kulapa kuposa phunziro lililonse la katekisimu. Makhalidwe abwino saloŵa mwa mwana ngati m'mene imaloŵera nambala. Mwana amaŵatengera kwa munthu amene amamkonda, monga m'mene nsalu imatengera fungo la utsi wa m'khitchini.

Ndiponso makina amaona yankho, koma saona mwana. Amadziŵa kuti walakwa samu katatu, koma sadziŵa kuti wabwera osadya phala, kapena kuti usiku kwao kunali ndeu. Mphunzitsi wabwino amaona zimenezi pa nkhope, ngakhale pakati pa ana 100.

Chikhulupiriro chathu chomwe chikutiwunikira pano. Mulungu adalankhula ndi anthu kudzera mwa aneneri ndi m'malembo, koma pofuna kutipulumutsa sadatumize uthenga wokha ai. Mwana wake adadzakhala munthu, naleredwa m'banja la ku Nazarete zaka pafupifupi makumi atatu. Ndipo pamene Ambuye Yezu ankakonza atumwi ake, adaŵaitana kuti azikhala naye, azidya naye, aone m'mene amapempherera ndi m'mene amakhululukira. Ngati Mulungu mwini adaona kuti munthu aumbidwa ndi munthu mnzake, ife tingaganize bwanji kuti galasi lidzatigwirira ntchito imeneyi?

Wina angatifunse kuti: nanga mwana amene bambo wake ndi chidakwa, mai wake adamwalira, si kwabwino kuti akhale ndi makina kusiyana ndi kukhala wopanda kanthu? Inde nkwabwino, ndipo aphunzire nawo kuŵerenga. Koma bala la mwana ameneyo ndi kusoŵa munthu, ndipo mankhwala ake ndi munthu: azakhali, atsibweni, nkhoswe yake ya ubatizo, akhristu a mu mphakati wake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tisalole kuti makina akhale chifukwa chathu chomulambalalira.

Si magalasi onse ali amodzi

Tiyeneranso kusiyanitsa. Tabuleti ya kusukulu ili ndi maphunziro okhaokha, ili ndi nthaŵi yake, ndipo mphunzitsi ali pomwepo. Foni ya kunyumba ndi nkhani ina. Makampani a Facebook, TikTok ndi YouTube amapeza ndalama zao zambiri pa malonda otsatsa, motero amapindula munthu akakhalitsa akuyang'ana. Makina ao amasunga zimene munthu wakonda kuonera, nkumamubweretsera zina zofanana nazo, osalekeza. Taganizani mlezi amene amapatsa mwana chokhacho chimene chikumkomera, masiwiti m'maŵa, masiwiti usiku, osamuuzapo kuti basi. Kodi tingamsiyire mwana wathu? Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chimodzimodzi tinyumba toonetsa kanema m'misika yathu, m'mene ana aang'ono amaloŵa ndi kandalama kochepa naona zinthu zimene ngakhale akulu angachite nazo manyazi.

Komabe choopsa chachikulu sichili m'makinamo. Chili mwa ife makolo, pamene tiyamba kudziyesa opanda ntchito. Bambo amene adalekeza Sitandade 3 amaona mwana wake akuyendetsa chala pagalasi mwaluso, namva manyazi mumtima, nati, "Ine ndingamuuze chiyani ameneyu?" Mai wotanganidwa amapeza kuti foni imatontholetsa mwana msanga kuposa kumbereka. Pang'onopang'ono timachoka pa mpando wathu popanda wotithamangitsa. Abale, pa tsiku la ubatizo wansembe adafunsa ife, osati wina, ngati tili okonzeka kulera mwanayo m'chikhulupiriro, ndipo tidavomera pamaso pa mpingo wonse. Msonkhano uja wa Vatikano udanenetsanso mu 1965 kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi ofunika koposa a ana ao. Udindo umenewu sufuna satifiketi, ndipo palibe boma, bungwe kapena kampani imene ingatichotsere.

Pa 7 September 2025 Papa Leo XIV adalengeza kuti Carlo Acutis ngwoyera. Mnyamata ameneyu wa ku Italy, amene adamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, anali katswiri wa kompyuta, ndipo adaigwiritsa ntchito kusonkhanitsa mbiri za zozizwitsa za Ukaristia kuti anthu a m'maiko ambiri aziŵerenga pa intaneti. Koma chikhulupiriro chake sadachitole m'kompyuta. Mmodzi mwa amene adamthandiza kudziŵa Mulungu ali wamng'ono anali mlezi wake, mai wochokera ku Poland. Munthu adayamba wayatsa moto mumtima mwake, makina nkudzathandiza kuufalitsa. Dongosolo loyenera ndi limenelo, ndipo tikalitembenuza tidzakolola ana odziŵa zambiri koma osadziŵa chifukwa chokhalira moyo.

Nanga tichitenji?

Choyamba, tisathaŵe. Mwana akabwera kusukulu timufunse zimene waphunzira, atiwonetse, atiŵerengere, ngakhale ife eni sitidziŵa kuŵerenga. Kholo limene lalola kuphunzitsidwa lemba ndi mwana wake silinyozeka. Laphunzitsa mwanayo kudzichepetsa. Chachiŵiri, pakhale nthaŵi zina m'banja pamene galasi lililonse lizima: nthaŵi ya nsima ndi nthaŵi ya mapemphero a madzulo. Lamulo limeneli liyambire pa foni ya bambo, pakuti ana amatsata mapazi athu kuposa mau athu. Chachitatu, tidziŵe zimene ana athu akuonera ndi kumene akuonera, ndipo mu mphakati tikambirane momasuka za tinyumba ta kanema tija pamodzi ndi eni ake ndi mafumu athu. Chachinai, kumene matabuleti afika, tiŵasamale ngati chuma cha mudzi wonse, tilonde zipangizo zake kwa akuba, komanso tikumbutse atsogoleri athu kuti makina asakhale chifukwa cholekera kulemba aphunzitsi ntchito ndi kumanga makalasi. Khasu labwino silichotsa mlimi m'munda.

Kuwongola mtengo mpoyamba. Zaka zimene mwana amafuna kukhala pa miyendo yathu nzoŵerengeka, ndipo zikapita sizibwerera. Madzulo ano, chisanu chikayamba, tiyeni tiitane ana abwere pamoto. Mdzukulu aŵerengere agogo zimene makina amphunzitsa, agogo nawonso amuuze zimene makina sadziŵa: dzina la mai amene adabala agogowo, m'mene mudzi udapulumukira pa njala, ndi pemphero limene lidaŵalimbitsa mtima. Banja Loyera la ku Nazarete litipempherere kuti tilandire mlendo wathuyu mwaulemu, timpatse mphasa yake, koma mwana timlere tokha.