Eni minda kwa Kaomba, tetezani manja othyola fodya

Inu eni esiteti ndi eni minda ya fodya kuno kwa Kaomba, tsiku lina nthawi yothyola ikafika mulawirire kumunda mame asanakamuke, mukaime pamzere. Mudzaona mnyamata akuthyola fodya wonyowa n'kumamupanira m'khwapa, malaya ali nyowe. Dzuwa likafika pamutu, mutu wayamba kumuwawa, chizungulire chamugwira, akusanza. Kapitawo amati ndi ulesi, ena amati malungo. Ayi ndithu. Chimenecho ndi chikonga cha m'tsamba lonyowa, chimalowera pakhungu mpaka m'magazi, ngakhale munthuyo sanasutepo chibadwire. Mu 2009 bungwe la Plan International lidalengeza kuti mwana wothyola fodya m'Malawi muno akhoza kulandira chikonga chofanana ndi ndudu 50 pa tsiku limodzi.

Zimenezi mukhoza kuzithetsa, ndipo mphamvu muli nazo. Magulovesi, jasi lamvula, ndowa ya madzi ndi sopo kumapeto kwa mzere, malaya osinthira, komanso kudikira pang'ono kuti tsamba liume: mtengo wake sungafike pa belo limodzi labwino. Wopopera mankhwala ku nazale ndi m'munda mupatseni majombo ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno. Sipuleya yodontha ikonzedwe lero, chifukwa zodonthazo zimathera pamsana pa mwana wa mnzanu. Ndipo zimandiwawa mumtima ndikaona chigubu cha mankhwala chitasanduka chotungira madzi akumwa m'nyumba za antchito. Chibooleni mankhwala akatha. Mankhwala akhale m'chipinda chokiya, kutali ndi ufa ndi ana.

Yenderaninso chigafa, gogodani mizati muone ngati chiswe sichinadye, munthu asanakwere kukapachika fodya. Onani jeke musanayambe kudinda mabelo. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Musayese kuti ndi chifundo chabe. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la 1997 limaika udindo umenewu pamapewa a wolemba ntchito. La chipukuta misozi la 2000 limati wovulala pantchito alipiridwe. Mwana wosakwana zaka 14 salembedwa ntchito, ndipo wosakwana 18 sapatsidwa ntchito yoika moyo wake pachiswe. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti, kotero amene akukulimirani ndi wantchito, wa malipiro ake ndi ufulu wake. Nawonso ogula akuyang'ana. Mukumbukire Novembala 2019, dziko la America litayamba kuimitsa fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi anthu mokakamiza. Mbiri ikaipa kunja, ululu wake umadzamvekera pa okushoni ku Chinkhoma.

Inu mudatha kuphunzira kusankha fodya tsamba ndi tsamba, kusiyanitsa giredi ndi giredi popanda kuphonya. Kodi kuwerenga magulovesi makumi awiri kungakukanikeni? Inu amene mumateteza belo kuti lisanyowe panjira, mungalephere kuteteza msana umene walinyamula?

Yambani sabata ino. Itanani akapitawo ndi antchito onse pansi pa mtengo, muwafunse chimene chimawaopsa, ndipo mumvetsere osakalipa. Wodwala mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo. Mukatero pitani ku ofesi ya zantchito pa boma la Kasungu, mukawauze nokha kuti abwere adzayendere munda wanu.