Kodi dalitso la mbewu lili m'dzanja?

Ambiri a ife kuno ku Liwonde, Akhristu ndi Asilamu omwe, tinakula tikukhulupirira kuti mbewu imamva dzanja limene laiponya. Wina akabzala maungu amabereka mpaka kusowa owadya, mnzake akabzala mbewu yomweyo amangokolola nkhwani. Ndiye nkhani ya makina obzalira pamanja ikabuka, funso la mtengo limabwera pambuyo. Loyamba limakhala lakuti: kodi chitsulo chingadalitse munda?

Makina ndikunenawa ndi aja alangizi amati jab planter, ofala kwambiri ku Brazil pa ulimi wa mtayakhasu. Ali ndi zogwirira ziwiri, kabokosi ka mbewu, ena kabokosi kenanso ka feteleza, ndi mlomo wachitsulo kunsi. Umabaya pansi, mlomo n'kutseguka, mbewu n'kugwa, iwe uli chiimire. Aliponso okankha a wilo, koma amafuna malo osalaza, pa mizere yathu amavuta.

Taganizani za kabzalidwe ka Sasakawa: masentimita 75 pakati pa mizere, masentimita 25 pakati pa mapando, njere imodzi pa phando. Pa hekitala pamakwana mapando oposa 53,000. Ngakhale kamunda kakuseri kwa nyumba, kota ya ekala, ndi mapando oposa 5,000, ndipo phando lililonse ndi kuwerama kumodzi. Dzuwa la m'chigwa cha Shire silidikira. Mvula yobzalira ikagwa, chinyezi chimathawa msanga, ndipo amene tinaona ng'amba ya 2024 ku Machinga ndi ku Balaka tikudziwa kuwawa kwa kuchedwa kubzala.

Abale ena ku mpingo amakumbutsa Genesis 3, kuti munthu anauzidwa kudya za thukuta lake. Ndimawalemekeza, koma sindigwirizana nawo. Thukuta lija linabwera ngati zowawa za kuchimwa, silinaperekedwe ngati mwambo woti tiziusunga. Khasu nalonso ndi chitsulo chosulidwa ndi munthu, ndipo palibe mbusa kapena shehe anatiuzapo kuti tizikumba ndi zikhadabo. Kupepukitsa msana wa agogo ndi chifundo. Komanso Paulo, pa 1 Akorinto 3, amachotsa ulemu kwa wobzala ndi kwa wothirira yemwe n'kuupereka kwa Mulungu amene amakulitsa. Ndiye kuti mphamvu yomeretsa sinakhalepo m'dzanja la munthu chiyambire.

Nanga chimene tinkaona mwa anthu a dzanja aja chinali chiyani? Azakhali anga anali mmodzi wa iwo. Ankasankha njere zapakati pa chitsononkho, za kunsonga ankataya ku nkhuku. Sankabzala ndi mvula yonyenga ya chizimalupsa. Phando lawo silinkazama kapena kuyandama, ndipo ankatsendera dothi ndi chidendene kuti nkhwali ndi mbewa zisafukule. Ine ndimati dalitso linkawapeza chifukwa ankasamala chimene Mulungu anawapatsa, ndipo kusamala kumeneko makina amakufuna koposa.

Vuto lalikulu la makinawa n'lakuti amabisa njere ku maso. Pa dothi lakuda la makande, likanyowa, mlomo umatsekeka ndi matope. Munthu atha kumaliza mzere wonse akubaya mokondwa popanda njere imodzi yomwe yagwa, n'kudzazindikira patapita sabata, nthawi yopakiza. Choncho musanagule, yesani pabwalo pouma ndi mbewu yanu yomwe mudzabzale, muwerenge zimene zikugwa. Chimanga cha m'sitolo ngati Kanyani chimabwera chosankhidwa kukula kwake, chimayenda bwino. Cha makolo njere zake n'zosiyanasiyana, pena zimagwa zitatu, pena osagwa. Mtedza umasweka ngati chibowo chotulukira mbewu chachepa. Funsani ngati chibowocho chimasinthika, ndipo onani ngati wowotcherera zitsulo wa pamsika angakonze makinawo akathyoka. Kuchita zimenezi si kukayika Mulungu ayi. Kuponya mbewu mwachisawawa n'kumati Iye adziwa yekha, kumeneko ndiye kumuyesa.

Nkhawa yanga ili pena. Dzanja linkasakaniza: phando ili chimanga ndi dzungu, apo khobwe, uko nandolo amene amatipulumutsa chimanga chikakanika. Linkaphunzitsanso ana, poti mwana ankatsatira amake ndi kambale ka mbewu. Makina amafuna mtundu umodzi ndi munthu mmodzi. Ndipo pali amayi amene ufa wa mu Disembala amaupeza pa ganyu wobzala. Munthu wopemphera sangagule chitsulo osawaganizira amenewa.

N'chifukwa chake ndimati makinawa asakhale a khomo limodzi. Gulani ngati gulu, kaya la ku mpingo, ku mzikiti kapena banki mkhonde, musankhe achinyamata awiri aphunzire kuwagwiritsa ntchito bwino. Maungu ndi nandolo bzalanibe pamanja pamodzi ndi ana. Ndipo mvula yobzalira ikagwa chaka chino, makinawo ayambire m'minda ya okalamba ndi amayi amasiye, yanu ibwere pambuyo.