KODI KUTENGA CIKUMBUTSO M'NDEGE NDI KUBA?

Mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga, anabwera kucokera ku Joni m'nyengo ya masika. Popita anakwera basi, masiku awiri ali pa njira. Koma pobwera, popeza nchito inamuyendera bwino, anakwera ndege kufikira ku Chileka. Madzulo ace tinasonkhana pa khonde kwathu kuno ku Makokola kuti timulonjere. Atatha kufotokoza za ulendo, anamasula katundu nayamba kugawa mphatso: nsalu kwa amai ace, nsapato kwa ang'ono ace, ndi cipewa kwa ine. Potsiriza anatulutsa bulangeti lopepuka lokhala ndi cizindikiro ca kampani ya ndege pa ngodya, ndi kasupuni kacitsulo konyezimira.

Ndinamfunsa kuti, "Nanga izi anakupatsa ndani?" Iye anaseka nati, "Amalume, izi sapatsa. Munthu umangoika m'cikwama pamene ena akutsika. Si kuba ai, ndi cikumbutso cabe, kuti ana anga adzadziwe kuti atate ao anaulukapo." Anthu onse anaseka, ndipo inenso ndinaseka nao. Koma usiku umene uja tulo tinandisowa, cifukwa mau ace anali kundibvuta. Mnyamatayu ndimamdziwa cibadwire, ndipo sanabepo nkhuku ya munthu. Nanga n'cifukwa ninji m'ndege dzanja lace linapepuka? Funso limeneli ndifuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi, inu owerenga, pakuti ana athu okwera ndege aculuka masiku ano.

Poyamba tiyeni timumvere mphwangayo, cifukwa mlandu suweruzidwa mbali imodzi. Cilakolako ca kusunga cikumbutso si coipa. Munthu akaona cinthu cacikulu amaopa kuti cidzamthawa m'mutu, ndipo amafuna kanthu kogwirika kamene kadzamcitira umboni. Ife a kuno tikudziwa bwino za ici. Pafupi ndi hotela ya Makokola pali bwalo laling'ono la ndege, kumene ndege za Air Malawi zinkatera ndi alendo odzaona nyanja. Ana ankathamanga kukaonerera, ndipo amene watola kapepala kogwa pa katundu wa mlendo ankakasunga ngati ndalama.

Akulu a ku Chembe, kumene Azungu amakucha Cape Maclear, anaona zoposa pamenepa. M'caka ca 1949 kampani ya ku Mangalande yochedwa BOAC inayamba kuteretsa kumeneko ndege zazikulu zotera pa madzi, za mtundu wa Solent, pa ulendo wa pakati pa Southampton ndi South Africa. Ndege yonga nyumba inkatsika kumwamba nitera pa nyanja imene asodzi amaponyapo makoka ao. Koma zimenezi sizinakhalitse, pakuti m'caka ca 1950 BOAC inaleka kuyendetsa ndege zotere. Lero mukaima pa mcenga wa ku Chembe simuona kanthu, cifukwa madzi sasunga mapazi. Zotsala ndi zithunzi, makalata odindidwa, ndi timapepala tomata pa masutukesi, zimene anthu okonda zakale amasunga ndi kugulitsana m'maiko akutali.

Air Malawi nayonso inapita. Inayamba m'caka ca 1964 iri pansi pa Central African Airways, niima payokha m'caka ca 1967. Kuyambira 1974 kufikira 1979 inali ndi ndege yaikulu ya VC10 imene inkafika ku London itanyamula dzina la dziko lathu. Kampaniyi inatsekedwa m'caka ca 2013, ndipo m'malo mwace munalowa Malawian Airlines m'caka ca 2014. Tsono munthu amene ali ndi kapu kapena tikiti ya Air Malawi m'bokosi mwace ali ndi kacidutswa ka mbiri ya dziko. Mphwanga akadadziwa kunena, akadati, "Mukuona, amalume? Wosunga ndiye wathandiza mtundu." Mau amenewa ali ndi mphamvu, ndipo sindiwapeputsa. Ku boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wochi, anaimika mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen imene inamenya nkhondo pa nyanja yathu m'caka ca 1914, ndipo m'tauni momwemo muli nyumba yosungiramo zakale za pa nyanja. Mtundu wosasunga zinthu zace umaiwala kumene wacokera.

Koma taonani kusiyana kwace. Mfuti ya Guendolen iri poyera, ndipo ali yense wodutsa amaiona. Bulangeti la mphwanga linatuluka m'ndege litapindidwa pansi pa zobvala. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Makolo athu sanali ouma mtima pa zinthu za eni. Akulu amatiuza kuti munthu wapaulendo, njala ikampweteka, ankaloledwa kuthyola mzimbe kapena kuzula cinangwa m'munda wa m'mbali mwa njira. Koma ankadyera pomwepo, nasiya makoko poonekera, kuti mwini munda akabwera adziwe kuti panadutsa munthu wanjala. Amene wamanga mtolo n'kupita nao kwao, ameneyo ankachedwa mbala, ngakhale mzimbe wace unali womwewo. Pa gombe pathu pano mwambo uli cimodzimodzi. Khoka likamatuluka, amene wagwira nao cingwe amalandira nsomba za ndiwo, ndipo nkhalamba yongofika pa doko ikapempha, mwini khoka saimana. Koma wina atole cambo cimodzi mwakabisira n'kucibisa m'malaya, doko lonse limamkuwiza. Nsomba imodzi siingasaukitse mwini khoka. Cimene anthu amadana naco ndi kubisako, cifukwa wobisa wadziweruza yekha kuti mwini cinthu akadaona sakadalola. Ndi cifukwa cace timati kupempha si kuba.

Tsono muyeso wace ndi wapafupi. Ngati munthu angathe kunyamula cinthuco m'manja, napita naco pa khomo la ndege pamene wotumikira alendo waima, nanena kuti "Ici ndatenga, zikomo," ameneyo alibe mlandu. Ngati ayamba wayang'ana uku ndi uku, mtima wace wayankha kale.

M'mawa mwace ndinamuuza mphwanga zimenezi. Iye anayankha kuti, "Koma amalume, ndinalipira ndalama zambiri. Kodi kabulangeti kameneka sikali m'kati mwa mtengo wa tikiti?" Ambiri amaganiza cotero. Koma tikiti imagula ulendo, mpando wa maola owerengeka, ndi cakudya cimene wadya. Bulangeti ndi supuni amangokubwereka, ndipo ukatsika amazicapa kuti zitumikire wina. Munthu wogona pa nyumba ya alendo ku Monkey Bay amalipira cipinda, koma m'mawa sanyamula mtsamiro. Mlendo ukamyalira mphasa kwanu, sakulunga mphasayo potsazika, ngakhale anabwera ndi nkhuku ya mphatso.

Anatinso, "Kampani ndi yolemera, siingamve kupweteka." Mau awa ndi amene ndimawaopa koposa, cifukwa aononga zambiri m'dziko muno. Munthu amene sangabe khasu la mnansi wace amatenga mankhwala a m'cipatala, mabuku a sukulu, kapena misomali ya pa mlatho, nati n'za Boma, ziribe mwini. Cinthu cikakhala ca anthu ambiri timaciyesa ca munthu ali yense wofika msanga. Koma Air Malawi inali kampani ya Boma, ndipo pamene inkasowa ndalama, zoithandizira zinkacokera ku msonkho wa inu ndi ine. Sindikunena kuti inagwa cifukwa ca masupuni; zogwetsa kampani ya ndege ndi zazikulu, monga ngongole ndi mtengo wa mafuta. Ndikungonena kuti cinthu ciri conse ciri ndi wocilipira, ngakhale nkhope yace sitiiona. Ndege imodzi imanyamula anthu oposa 100, ndipo imauluka tsiku ndi tsiku. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Zotayika zonse kampani imaziwerengera, niziika pa mtengo wa tikiti ya wokwera mawa, amene mwina ndi mai wopita kukaona mwana wace wodwala.

Kunena zoona, makampani ena amasokoneza okha nkhaniyi. Kampani ya ku Holland yochedwa KLM imapatsa alendo a m'mipando yodula tinyumba tadothi tobiriwira tokhala ndi mowa waukali wa kwao, ndipo yacita cotero kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Anthu amatisonkhanitsa ndi kutindandalika pa alumali. Apa palibe cobvuta, pakuti ndi mphatso. Koma kampani ya Virgin Atlantic inali ndi timabotolo ta mcere ndi tsabola toumbidwa ngati tindege, ndipo alendo ankatiba kwambiri. Eni ace m'malo mokwiya analemba pansi pa timabotoloto mau oseka onena kuti kanthuka kabedwa kwa iwo, poona kuti kakafika pa tebulo la munthu kadzalengeza dzina la kampani. Kodi wotenga kameneka ndi mbala? Ine ndiyesa kuti mwini akaseka nakutsinzinira diso, wakulola. Koma cilolezo ca mwini mmodzi sicitsegula nkhokwe za mudzi wonse. Mwini khoka wina akakhala wopatsa, sitinena kuti nsomba za pa doko lonse ndi zaulere.

Pali cinthu cimodzi cimene sindingacisekere konse. Pansi pa mpando wa m'ndege amaikapo cobvala cacikasu coyandamitsa munthu pa madzi, ndipo m'thumba la patsogolo muli cikalata ca zithunzi cosonyeza makomo othawira ngozi ikagwa. Alipo anthu amene amatenga zimenezinso, ati cikumbutso. Malamulo a ndege amafuna kuti pa ulendo wodutsa madzi akulu munthu ali yense akhale ndi cobvala cace. Cikasowa, ndipo a nchito acizindikira, amayenera kufuna cina, ndipo nthawi zina anthu onse amacedwa cifukwa ca munthu mmodzi. Koma akapanda kucizindikira, wokhala pa mpando umenewo amauluka ali wosatetezeka, iye osadziwa.

Ife a m'mbali mwa nyanja sitifunika kuuzidwa za ukali wa madzi. Tikudziwa m'mene mwera umasandutsira nyanja yabata kukhala mapiri. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja yino, ndipo anthu 145 anatayika. Cikumbutso cao ciri ku Mangochi pafupi ndi mfuti ija. Msodzi amene angabise nkhafi ya bwato la mnzace usiku, mnzaceyo n'kukazindikira ali kale kuseri kwa cilumba ca Boadzulu, sitingamuche wosewera. Wotenga cobvala coyandamitsa wacita comweco kwa munthu amene sanamlakwire, amene sadzamuona nkhope. Supuni ikabedwa, kampani imagula ina. Cobvala cija cimafunika tsiku limodzi lokha, ndipo tsiku limenelo palibe sitolo.

Mphwanga anati iye zotere sangacite, ndipo ndimkhulupirira. Koma ndinamfunsa cimene adzanena kwa ana ace aja. Cikumbutso ciri ndi khalidwe lace: cimakumbutsa zonse, ndi zimene sitifuna zomwe. Mwana akadzafunsa kuti, "Atate, bulangeti iri munalipeza bwanji?" adzayankha ciani? Akanena zoona, waphunzitsa mwana kuti za eni zimatengedwa mwini akayang'ana kumbali. Akanama kuti anampatsa, waonjeza bodza pamwamba pa kuba. Pamene kapepala kolowera m'ndege kamene kanali m'thumba la malaya ace, kolembedwa dzina lace, tsiku, ndi nambala ya mpando, kanali kace ndithu, ndipo kakucitira umboni ulendo wace koposa bulangeti limene liribe dzina la munthu. Ameneko anali pafupi kukayatsira moto. Ndiponso otumikira m'ndege ndi anthu ngati ife. Munthu akapempha mwaulemu kanthu kokakumbukira ulendo wace woyamba, kawiri kawiri amampezera kena kake, kaya magazini, kaya kapu ya pepala ya cizindikiro cao. Ndipo akakana, wopemphayo sanataye kanthu.

Sitinamalize bwino kukambirana kwathu. Iye anati ine ndakalamba ndipo ndikulemeretsa nkhani yopepuka. Ine ndinati mwina ndi coonadi. Kapepala kaja anakapatsa amai ace, ndipo anakaika m'buku lao la nyimbo. Atatha milungu itatu anabwerera ku Joni pa basi, supuni ija ali nayo.

Bulangeti linatsala kuno. Mlongo wanga amalifunda m'mwezi wa June pamene mwera ukuomba, ndipo amati ndi lofunda bwino. Tsiku lina ndinapita kukamuona ndipo ndinapeza atalicapa. Zobvala zina zonse anaziyanika pa cingwe ca kubwalo, kumene anthu opita ku doko amadutsa, koma bulangetilo analiyanika kuseri kwa nyumba, pa mpanda wa bafa, ngodya ya cizindikiro ataipindira m'kati.