KODI KUBWEZERA KUMATHETSA MLANDU?



Sabata yatha mnzathu wina wa m'cipinda cathu anapeza bokosi lace litathyoledwa. Ndalama zimene anasunga miyezi isanu kuti atumize kumudzi zinapita, ndipo iye akuganizira munthu wina wa cipinda coyandikana nafe. Usiku womwewo ndinamuona akunola citsulo pa simenti. Pomfunsa anati, "Acimwene, musandiletse, mlandu uwu ndiutha ndekha." Mau amenewa ndiwo andilembetsa nkhani ino, ndipo ndifuna kuti tione zimene alembi a masewero anaonetsa kale za kubwezera.

Ku England kunali mlembi dzina lace William Shakespeare, amene analemba sewero lochedwa Hamlet ca m'ma 1600. Hamlet ndi mwana wa mfumu ya ku Denmark. Mzukwa wa atate wace unamdzera usiku numuuza kuti anaphedwa ndi mbale wao Claudius, amene anawathira ululu m'khutu ali m'tulo, nalowa ufumu, nakwatira mkazi wa malemuwo. Mlandu unali woona ndithu. Tsono taonani m'mene kubwezera kunayendera. Hamlet analasa munthu wobisala kuseri kwa nsaru poyesa kuti ndi mfumu, koma anali Polonius, nduna yokalamba. Mwana wamkazi wa nkhalambayo, Ophelia, anacita misala namira m'madzi. Mlongo wace Laertes nayenso anafuna kulipsira atate wace, napaka ululu pa lupanga. Amai ace a Hamlet anamwa cikho ca ululu cimene anakonzera mwana wao. Ine nchito yanga pa mgodi ndi yowerenga maina m'buku, cotero ndinawerenga: pa imfa ya munthu mmodzi panatsata imfa za anthu 8, Hamlet yemwe ali m'kati, ndipo ufumu unagwa m'manja mwa Fortinbras, mlendo wa ku Norway.

Pali malo ena m'seweroli amene amandiopsa koposa. Hamlet anapeza Claudius atagwada kupemphera. Anasolola lupanga, koma analibwezanso m'cimace, poopa kuti akamupha ali m'pemphero apita kumwamba. Apa mtima wa kubwezera unaonekera poyera: imfa ya thupi yokha sinaukwanire, unafunanso kuti mzimu wa mdani utayike. Kodi mtima wotere ungakhale m'cifuwa ca Mkristu?

Wina adzati, "Nanga wakuba tingomsiya aziseka?" Funso ili n'lomveka, ndipo sindilipeputsa. Yankho lace ndalipeza m'masewero atatu ochedwa Oresteia, amene Aeschylus anaonetsa ku Athens m'caka ca 458 Kristu asanabadwe. Mfumu Agamemnon anapha mwana wace wamkazi nampereka nsembe. Mkazi wace Clytemnestra anapha mfumuyo. Mwana wao Orestes anapha amace polipsira atate wace. Ali yense anali ndi cifukwa cace, ndipo ali yense anasiya mlandu watsopano. Mwazi unaleka kukhetsedwa pamene nkhaniyo inafika pa bwalo la oweruza ku Athens, kumene mbali zonse ziwiri zinalankhula. Anthu amenewa sanamve Uthenga Wabwino, koma anazindikira cimene makolo athu anadziwanso, kuti mwini mlandu sakhala woweruza. Kumudzi wolakwiridwa amapita kwa a mfumu, mboni zimaitanidwa, wolakwa amalipa mbuzi kapena nkhuku, ndipo mawa onse amakamwa pa citsime cimodzi. Kufuna cilungamo si chimo ai. Chimo limalowa pamene munthu mmodzi wokwiya adziyesa mboni, woweruza ndi msilikali nthawi imodzi. Nanga ngati amene akumganizirayo sindiye anaba, monga Polonius kuseri kwa nsaru?

Kumbukiraninso ici: pa bwalo la masewero akufa amadzuka, anthu naomba m'manja, napita kwao. Kuno ku hositelo sikutero. Wolasidwa apita ku cipatala kapena ku manda, wolasa apita ku ndende, nchito yatha, ndipo kumudzi mabanja awiri aleka kulandira ndalama ya feteleza ndi ya sukulu. Akulu anati coipa citsata mwini, koma ine ndaona kuti citsatanso ana ace.

Davide anapeza Sauli m'phanga, mdani amene anamsaka kuti amuphe, koma anangodula nsonga ya cobvala cace (1 Samueli 24). Paulo naye pa Aroma 12 atiphunzitsa kusiyira Mulungu kubwezera. Davide sanali wamantha, pakuti ndiye anagwetsa Goliati.

Mnzathu uja tinakhala naye kufikira pakati pa usiku. Citsulo cija cili m'bokosi langa, ndipo mlandu tapita nao kwa akulu a mpingo ndi kwa oyang'anira hositelo. Ndalama sizinapezeke, ndipo mtima wace sunazizire kweni kweni. Cotero ndikupemphani, abale, mumpempherere, ndipo pa Sabata tikaturuka m'chalichi ali yense aponye kangacepe kamene angathe, kuti mkazi wace ndi ana alandire kanthu mwezi uno.

Ine mbale wanu,
Kalaliki wa pa mgodi.