Za Moni wa Krisimasi ku Dziko la America

Mwezi wa December ukafika, pamene ife tiri kupalira cimanga m'mvula ya dzinja, anthu a ku America ali m'cisanu coopsa, ndipo m'madera a kumpoto cipale cofeŵa cikuta misewu ndi madenga. Pa nyengo imeneyo pamabuka mlandu umene ife tingauyese waung'ono, koma wagawanitsa anthu a kumeneko zaka zambiri. Munthu akakomana ndi mnzace panjira, kapena wogulitsa m'sitolo akamalawirana ndi wogula, anene kuti ciani? Ena ati "Merry Christmas," ndiko kufunira mnzako cimwemwe ca Krisimasi. Ena ati "Happy Holidays," ndiko kumfunira masiku okondwa a mapwando, osachula dzina la Kristu. Ndipo alipo anthu amene apsa mtima akamva mau oyambawo, aliponso amene apsa mtima akamva aciwiriwo.

Tiyambe ndi iwo amene sachula Krisimasi, pakuti nkwapafupi kuwaweruza tisanawamve. M'dziko limenelo mapwando a nyengo ya cisanu atsatana ngati mikanda pa cingwe. Pa Lacinai lacinai la November ayamika Mulungu cifukwa ca zokolola. Ayuda, amene ali ambiri m'midzi yaikuru monga New York, asunga Hanukkah masiku 8, nayatsa nyali, kukumbukira kuyeretsedwa kwa Kacisi m'masiku a Amakabeo. Ndilo phwando lomwe Yohane alichula pa mutu 10, pamene Ambuye wathu analikuyenda m'khonde la Solomo. Ena mwa anthu akuda asunga Kwanzaa kuyambira pa 26 December kufikira pa 1 January, phwando limene analiyambitsa Maulana Karenga m'caka ca 1966. Pamenepo pafika Caka Catsopano. Alikonso Asilamu, Ahindu, ndi osapembedza konse. Ndipo lamulo lalikuru la dziko, kuyambira 1791, liletsa boma kukhazika cipembedzo cimodzi pamwamba pa zinzace, liletsanso boma kutsekereza munthu kupembedza monga afuna. Tsono mnyamata wa m'sitolo, amene apatsa moni anthu mazana pa tsiku limodzi, adziwa bwanji kuti amene aimirira pamaso pace ndi wa mpingo uti? Asankha mau amene sangapweteke munthu ali yense.

Mau amenewa sali a dzulo ai. Irving Berlin, Myuda wopeka nyimbo, anapeka nyimbo yochedwa "Happy Holiday" imene inamveka m'caka ca 1942, ndipo anthu anaiimba popanda mlandu. Odziwa Cingelezi atiuzanso kuti liu loti holiday linacokera ku mau akale otanthauza tsiku lopatulika. Kotero amene athawira ku liu limeneli kuti apewe za Mulungu sanathawire kutali.

Koma a mbali inayo ali nao mau ao, ndipo sitiwayesa opusa. Iwo ati dzina la Kristu silicotsedwa tsiku limodzi, koma pang'ono pang'ono, monga ciswe cidya mzati nyumba iri ciimire. Lero licoka pa khomo la sitolo, mawa pa sukulu, mkuja pakamwa pa ana. Kuyambira 2004 Bill O'Reilly, amene pa nthawiyo anali wolankhula pa wailesi ya kanema ya Fox News, anayamba kudandaula za ici caka ndi caka, ndipo mu 2005 John Gibson analemba buku limene anacha mlanduwu nkhondo yolimbana ndi Krisimasi. Ena anapangana kuti asagule m'masitolo osachula Krisimasi, ndipo mu 2006 masitolo a Walmart anabwerera ku mau akalewo. Donald Trump, pofuna utsogoleri wa dziko mu 2016, analonjeza kawiri kawiri kuti akalowa iye anthu adzanenanso "Merry Christmas." Pansi pa phokoso lonseli pali mantha oona a Mkristu, pakuti Ambuye anacenjeza za munthu amene adzamkana pamaso pa anthu. Ife amene tiphunzitsa a m'kalasi tidziwa kuti manyazi ndiwo agwetsa ambiri koposa cizunzo.

Komatu mbiri ya dziko lomwelo iri ndi cinthu codabwitsa. Oyamba kuletsa Krisimasi ku America sanali akunja kapena okana Mulungu, koma Akristu acangu ochedwa Puritans. M'caka ca 1659 ku Massachusetts anaika lamulo kuti ali yense wopezeka akusunga tsikuli, poleka nchito kapena pocita madyerero, alipe masheleni 5. Ndipo lamulolo linakhala kufikira 1681. Iwo anati Malembo sanena tsiku limene Mpulumutsi anabadwa, ndi kuti phwandolo ladzala ndi mowa ndi cipwirikiti. Boma la dziko lonse linalandira Krisimasi kukhala tsiku lopumula mu 1870 mokha. Anthu aja anawerenga Buku Lopatulika usana ndi usiku, nalolera kuwoloka nyanja cifukwa ca cikhulupiriro cao. Kodi tidzati anakana Kristu popeza sananene moni wa Krisimasi? Cifukwa cace sitingathe kuyesa mau awiri a Cingelezi cizindikiro ca Mkristu woona.

Funso limene tiliyesa lalikuru ndi ili: moni ndi wa yani, wa wopatsa kapena wa wolandira? Makolo athu anadziwa yankho lace. Popatsa moni munthu agwada kapena aomba m'manja, nadzicepetsa, kuti mnzaceyo akule. Moni uli ngati madzi opatsa mlendo. Suwatunga kuti anthu aone kukongola kwa cikho cako. Boazi, pofika kumunda kwace, anapatsa moni okolola m'dzina la Yehova, ndipo iwo anambwezera dalitso, pakuti onse anali a cipangano cimodzi. Pamenepo dzina loyera linali mphatso. Koma Ambuye anafunsanso ophunzira ace kuti akalankhula abale ao okha aposa bwanji anthu akunja. Ndipo Paulo anadzisandutsa ngati Myuda kwa Ayuda, ndi ngati wofoka kwa ofoka, kuti apindule ena. Iye amene sanacite manyazi ndi Uthenga Wabwino ngakhale m'maunyolo, anadziwa kuyamba ndi munthu pamene munthuyo ali.

Cotero mau amodzimodzi aturuka m'mitima yosiyana. Wina anena "Happy Holidays" cifukwa aopa kusekedwa ndi anzace a kunchito, ndipo ameneyo ayenera kudziyesa, pakuti tambala wa Petro alirabe. Wina anena mau omwewo kwa mnansi wace Myuda, podziwa kuti makolo a mnansiyo anazunzidwa ku Ulaya ndi anthu ochedwa Akristu, ndipo sitipeza cifukwa mwa iye. Wina anena "Merry Christmas" mtima wace utadzala ndi cimwemwe ca ku Betelehemu, ndipo ngakhale wosakhulupira aulandira bwino. Koma wina awaponya mau omwewo ngati nthungo, nayang'ana mnyamata wa m'sitolo m'maso kuti aone ngati abweza. Ameneyo wachula dzina la Mfumu ya Mtendere kuti aputire ndeu, ndipo ife tiyesa kuti akadacita bwino kukhala cete. Za eni masitolo sitinena zambiri. Mau ali onse amene adzetsa ogula adzawalemba pa khomo, ndipo Mkristu amene afuna kuti wamalonda ambvomerezere cikhulupiriro cace wafuna mboni yosayenera.

Tisaiwale kuti ofuula ndi owerengeka. Pamene a Pew Research Center anafunsa anthu a dzikolo mu 2017, oposa theka pang'ono anati alibe nazo kanthu kuti wa m'sitolo awapatsa moni uti. Ndipo ulipo mwambo wina umene sumveka kwambiri pa wailesi. M'midzi ingapo ya ku America Ayuda amadzipereka pa 25 December kugwira nchito m'zipatala ndi m'nyumba zodyetsera osauka, kuti anzao Akristu apeze mpata wopita kukapemphera ndi kukadya ndi ana ao. Amene atsala pa nchitoyo sakhulupira kuti Mwana wa Mariya ndiye Mesiya. Koma polawirana ndi namwino Mkristu pa khomo la cipatala, ambiri a iwo amfunira Krisimasi yabwino, namchulira dzinalo osakakamizidwa ndi munthu.